Mkuwa Sunafiire

Achimwene anga anthu amawatcha aChibakera, ndipo dzinalo sanachite kubwereka. Ali ndi zaka khumi ndi zinayi anathyola mphuno ya mphunzitsi wa masamu. Ali ndi zaka makumi awiri anagwetsa amuna atatu pa depoti ya basi chifukwa mmodzi wa iwo anandigwira m'chiuno. Tsiku limenelo ndinakondwa, sindinama. Koma dzanja lomwelo ndi limene linathamangitsa alamu anga, mayi wa mwana wawo mmodzi yekhayo. Ndi lomwelonso linawagoneka kundende zaka zitatu atamuphwanya chibwano mnzawo ku fakitale yosungunula zitsulo. Woweruza anawauza poyera kuti akadzabweranso ndi mlandu wa magazi, kundendeko adzatulukako m'bokosi.

Chimene ankachidziwa kuposa ndewu ndi moto. Anayamba ndi kuwotcha njerwa, kenaka uvuni wa buledi, kenaka zitsulo zija. Atatuluka kundende ndine ndinawapemphera ntchito kumene ndimagwira, ku labu ya za sayansi ya pa yunivesite, kumene ndakhala ndikutsuka mabotolo ndi kukolopa zaka makumi awiri ndi ziwiri. Apulofesa anakana kawiri. Kachitatu anatopa nane, poti ine pakamwa sindisowa chonena, n'kuwapatsa kachipinda kapansi kopanda zenera, ka ng'anjo.

Musaganize za ng'anjo ya nkhuni. Iyi ndi yamagetsi, chibokosi chachitsulo chokhala patebulo, ndipo pakati pake padutsa chubu chagalasi chonenepa ngati mkono wanga. Zowotchedwa amaziika pakambale koyera n'kuzikankhira m'chubumo. Mbali imodzi kumalowa paipi yalabala yochokera ku silinda ya gasi, yomangidwa ndi kachitsulo kokhala ndi sikuluwu. Mbali inayo gasiyo amatulukira m'kabotolo ka mafuta kamene kamangoti bwi, bwi, bwi tsiku lonse.

Ndiye abale, onani zodabwitsa. Munthu amene sangadikire chenji kwa kondakitala osatukwana ankakhala pampando maola khumi ndi awiri akuyang'ana manambala a kutentha akukwera, kenaka akutsika. Amene ankalankhula zakuti kuona maso a nkhono n'kudekha anali iwowo, aChibakera! Tsiku lina wophunzira wina wa changu anatsegula chubu chisanazizire, zimene zinali m'katimo n'kusweka. Achimwene anamuyang'ana, n'kutembenuka, n'kumenya kabati yachitsulo chibakera chimodzi. Pamene anamenyapo panalowa m'kati ndipo mpaka lero kabatiyo sitsekeka bwino.

Mwana wawo wamkazi ndinamulera ndine mayi ake atathawa. Tinkamutcha Mafunso, chifukwa mwanayo ankafunsa mpaka umve mutu. Akaweruka kusukulu ankabwera kulabu, n'kumalembera homuweki pamwamba pa diramu m'kachipinda ka bambo ake. Pa anthu onse a pa dziko lino, ndi yekhayo amene sanalawepo dzanja la achimwene. Anakula, anakhoza mayeso onse, n'kudzalowa m'labu momwemo atavala jasi loyera, ife azakhali ake tikukolopa pamene waponda. Sindinachite nsanje ngakhale pang'ono. Ndinkakolopa ndikuimba.

Ntchito yake anandifotokozera kambirimbiri mpaka inalowa m'mutu mwanga muno. Anali ndi timiyala ta krustalo, toyera ngati madzi, tating'ono ngati chikhadabo, ta mtundu umene amapangira zipangizo zoyendetsa kuwala. Timiyalato anatitumiza kumzinda wina wakutali kumene kuli makina aakulu ngati nyumba, amene amawombera mkuwa m'kati mwa mwala. Si mkuwa woti n'kuuona ndi maso ayi. Ndi tizidutswa tochepetsetsa timene ophunzira amati maayoni, ndipo timalowa ngati zipolopolo n'kukaima pansi pang'ono pa khungu la mwalawo. Kuti makinawo akugwirire ntchito umadikira pamzere zaka ziwiri. Take tinabwera khumi ndi tiwiri, titadera ngati tiyi wopanda mkaka, chifukwa kuwomberako kumasokoneza m'kati mwa mwala.

Apa ndi pamene pankalowa bambo ake. Mwala woterewu ukautenthetsa pang'ono, ungokhala wodera chomwecho. Ukafika pa moto woyenera, zimene zinasokonekera m'kati zimabwerera m'malo, mkuwa womwazikana uja n'kuyamba kuyenda ndi kukumana timagulu, ndipo mwalawo umafiira psuu. Ukapyoza muyeso, mkuwa umabalalika, kufiira konse n'kutha. Ndipo pali mdani wina, mpweya wambawu umene tikupumawu. Mkuwa wotentha ukakumana nawo umachita dzimbiri m'kati momwemo. N'chifukwa chake gasi uja sasiya kuyenda m'chubu, ntchito yake n'kupirikitsa mpweya.

Chaka chathunthu bambo ndi mwana anawotcha kamodzikamodzi, kufunafuna moto woyenerawo. Tisanu ndi titatu tinathera pamenepo. Tinatsala tinayi. Ndiye kunabwera kalata yochokera ku labu ina ya kutali kwambiri, ulendo wa masiku awiri pa basi. Anati ngati tinayi totsalato tionetsa zimene ankanena Mafunso mwezi usanathe, amupatsa malo a ntchito ndi nyumba yomwe. Bambo ake ankaona ngati ndi nkhani ya ulemu chabe. Ine ndekha ndinkadziwa kuti mwanayo akufuna pothawira.

Anakwatiwa ndi mwamuna wogulitsa matayala, tizingoti Wamatayala. Chimunthu chachitali, chonunkhira pafyumu, chaulemu pamaso pa apongozi ake moti mpaka ine ndinapusitsika. Masabata atatu lisanafike tsiku limene ndikunenali, Mafunso anagogoda kwanga m'mawa ndi kachikwama, mlomo utatupa, dzino lakutsogolo kulibe. Atavula bulauzi ndinakhala pansi. Msana wonse unali mizeremizere ya lamba, ina yakale, ina yatsopano.

“Ndikukawauza achimwene pompano,” ndinatero, ndikufuna nsapato.

Anandigwira mwendo. “Azakhali, bambo akamva apha munthu. Mukufuna akafere kundende? Ndangotsala ndi timiyala tinayi. Tikafiira ndikwera basi, basi yatha nkhani. Lumbirani.”

Ndinalumbira, chitsiru ine. Bambo ake tinawauza kuti anagwa pamasitepe, ndipo akugona kwanga kuti aziyandikira kuntchito.

Tinayi tija anatilowetsa m'chubu Loweruka m'mawa, onse awiri, Mafunso akupanira, bambo ake akuwunika ndi tochi. Moto unayenera kukwera mpaka masana, kuima pamenepo maola awiri, kenaka kutsika wokha mpaka m'mawa mwake. Mafunso anakwera kuofesi ya pamwamba kukalemba. Ine ndinali m'khonde ndi ndowa yanga. Itangokwana wani koloko ndinamva fungo la pafyumu losakanikirana ndi mowa. Anali Wamatayala. Mlonda wa pageti anamulowetsa poti ankamudziwa kuti ndi mkamwini wa pamalopo.

Anandidutsa ngati sanandione, n'kukankha chitseko cha kachipinda ka ng'anjo ndi phazi. Ndinamutsatira ndi chokolopera m'manja.

“Apongozi, mkazi wanga ali kuti?”

Achimwene sanadzuke pampando. “Mwaswera bwanji, akamwini? Ali pantchito. Tsekani chitsekocho.”

“Ntchito? Timiyalati? Ndi timeneti tikumuchititsa matama, eti? Masabata atatu ndikudziphikira ndekha ngati mbeta yaimuna!” Maso ake anagwera pa chopanira chachitsulo chachitali chimene amatulutsira kambale kaja. Anachitola. “Lero ndithetsa sukuluyi.”

Pamene ankakweza mkono kuloza chubu, achimwene anali ataima kale pakati. Ndipo anachita chinthu chimene sindinachionepo chibadwire. Anapinda manja kumbuyo, dzanja lina litagwira linzake.

Chitsulo chinawagwera paphewa, ndinamva kuti khu. Sanasunthe. Chachiwiri chinang'amba khutu, magazi n'kutsikira m'kolala ya ovolosi. Ine ndinakuwa kuitana mlonda, n'kumumenya Wamatayala ndi chokolopera kumsana, koma zinali ngati ndikukuntha fumbi pa matiresi. Anandikankha ndi chigongono ndikukagwera m'ndowa.

“Menyani ine, akamwini,” anatero achimwene, mawu ali pansipansi. “Menyani mpaka mutope. Koma chubuchi simuchikhudza.”

Chachitatu chinali cha m'nthiti. Anawerama pang'ono n'kuwongokanso. Ine pansi pamenepo, chitenje chili chonyowa, ndinalira ndi kunyada. Ndinati Mulungu wamusintha munthuyu. Mlonda ndinkamumva akuthamanga m'khonde. Pakanangodutsa kamphindi kamodzi, nkhani ino bwenzi ili ina. Koma tsoka silinunkha.

Wamatayala anaseka, akupuma wefuwefu. “Ndiye awa ndi aChibakera amene ndinkawaopa aja? Nkhalamba yopanda pake. Mwana wanu amalimbako kuposa inu. Dzino lija linatenga zibakera zitatu kuti lichoke.”

Achimwene anatembenuza mutu n'kundiyang'ana ine. Sanafunse kanthu. Ine ndinayang'ana pansi, ndipo kuyang'ana pansiko ndiye kunali kuyankha.

Zimene zinatsatira ndinaziona zonse, ndipo ndikanakonda ndikanapanda kuziona. Manja aja anamasuka. Lamanja linapapasa kumbuyo osayang'ana, linagwira chimene linapeza, n'kuchizula mwamphamvu. Chinalira m'mwamba kuti fyuu, n'kumudula Wamatayala pakhosi. Chopanira chinagwa. Anamukwapula kumaso, m'manja pamene ankadzitchinga, kumsana atagwa chafufumimba, kumasonso atatembenuka kuti apemphe. Malaya oyera aja anasanduka nsanza zofiira. Kunsonga ya chokwapuliracho kunali kachitsulo, ndipo paliponse pamene kankatera kankachotsa mnofu. Achimwene sankatukwana, sankalankhula, ankangopuma ngati munthu akuwaza nkhuni. Kenaka kachitsulo kaja kanatera m'diso lamanzere. Kulira kumene analira mwamunayo sikunali kwa munthu.

Panafunika mlonda, dalaivala wa apulofesa ndi ine kuti tiwagwire. Mlonda anathyoka chala. Mafunso anatsika akuthamanga, n'kuima pakhomo, nsapato imodzi itatsala pamasitepe. Anayang'ana mwamuna wake akugubuduka m'magazi, dzanja lili pankhope, zamadzimadzi zikutuluka pakati pa zala. Anayang'ana bambo ake. Anavula jasi loyera lija n'kulikulunga pamutu pa mwamunayo, dalaivala n'kuwatengera kuchipatala.

Apolisi atabwera, achimwene anapereka manja okha. Akuwakokera m'khonde anatembenuka n'kundikuwira.

“Mlongo! Wina asatsegule chubucho mpaka mawa! Sichinakhudzidwe, wamva? Umuuze mwana kuti sichinakhudzidwe!”

Ndinatsala ndekha ndi ndowa. Ndinakolopa pansi, makoma, miyendo ya tebulo, madzi ndikusintha kanayi. Ndinapereka umboni kwa wapolisi wina amene anatsalira, ndinamumanga chala mlonda, ndinabwereranso kukolopa. Patapita ola lathunthu ndi pamene ndinazindikira kuti m'chipindamo muli chete wachilendo. Kabotolo ka mafuta kaja sikankabwibwita.

Mayo ine! Ndinayang'ana kumapeto kwa chubu, pakamwa polowera gasi panali pululu. Paipi ndinaipeza pansi pa kabati, yoterera ndi magazi. Chimene anazula achimwene osayang'ana chija chinali chimenechi. Manambala a kutentha anali akadali pamwamba penipeni.

Ndinaitsuka pasinki, ndinaibwezera mbali zonse ziwiri monga ndinkawaonera iwo akuchitira, n'kumanga sikuluwu ndi mpeni wa buledi. Kabotolo kanayambanso bwi, bwi, bwi. Ndinadziuza kuti mwina ola limodzi si kanthu, mwina mwala ndi wolimba, mwina mpweya unachita ulesi kulowa. Sindinauze munthu aliyense.

M'mawa mwake apulofesa anakawatulutsa achimwene pa belo. Anafika kukachipinda kaja khutu lili ndi bandeji, akuyenda mopendekera chifukwa cha nthiti, koma nkhope ili ngati ya munthu amene wapambana mpira. Mafunso anachokera kuchipatala osagona, osasamba. Anavala magolovesi, natsegula chubu, n'kukoka kambale pang'onopang'ono.

Timiyala tonse tinayi tinali tathunthu, popanda ndi mng'alu womwe. Koma tinali toyera, tongotuwa pang'ono ngati galasi la nyumba yosakhalamo anthu. Kufiira kunalibe ngakhale kadontho.

“Dikira kaye, mwina ndi kuwala kwa muno,” anatero bambo ake, akuyatsa tochi.

Mafunso anatenga kamodzi n'kupita nako pa makina oyezera kuwala, ife tikutsatira ngati ana. Pamene pankayenera kutuluka kaphiri pa kompyuta panatuluka mzere wogona. Anayeza kachiwiri, kachitatu, kachinayi, chimodzimodzi. Anabwerera kung'anjo. Anawerenga mmene moto unayendera, unali bwinobwino. Anayang'ana silinda, gasi analimo. Kenaka anayendetsa zala papaipi mpaka kunsonga, n'kuima pakachitsulo kaja. Kanali kopindika, ndipo m'mizere ya sikuluwu munali mutakanirira tsitsi limene ine sindinalione.

“Bambo,” anatero mofatsa, “munamukwapula ndi chiyani?”

Ndinawaona achimwene akufunafuna m'mutu mwawo. Sankadziwa, ndikulumbira, munthuyo sankadziwa. Anayang'ana dzanja lawo, anayang'ana paipi, pakamwa n'kutseguka. Anakhala pansi pasimenti, osati pampando, pansi penipeni.

“Inakhala yochoka nthawi yaitali bwanji?” anafunsa Mafunso.

“Ola limodzi, mwanawe,” ndinayankha ndine. “Kapena kupitirira. Ndinabwezera ndine.”

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Ndikanakonda akananditukwana, akanandimenya mbama, chilichonse. Anangovula magolovesi, n'kuwapinda bwinobwino, n'kuwaika patebulo.

“Ndinakutetezera chubu, mwanawe,” anatero bambo ake. “Anandimenya katatu ndili chiimire. Funsa azakhali ako.”

“Ndamva, bambo,” anatero Mafunso, n'kutuluka.

Sabata imeneyo anayesa kuwotchanso tiwiri, gasi atamuwonjezera. Tinatuluka tamawangamawanga, kufiira kwake kozilala ngati nsalu yochapidwachapidwa, toti sungaonetse munthu. Mwezi unatha. A ku labu yakutali aja analemba mwaulemu kuti malo apatsa wina. Ku makina owombera mkuwa anamulembanso pamzere, kumapeto.

Diso la Wamatayala madokotala analichotsa. Akwawo anabwera kwanga anthu asanu, amalume ake akutsogolera, n'kukhala m'mipando yanga osawauza. Mawu awo anali amodzi. Mlandu angathe kukauthetsa kupolisi ngati nkhani ya m'banja, koma mkazi abwerere kunyumba akasamale mwamuna wake amene bambo ake amupundula. Apo ayi, akumana kukhoti.

Ine ndinawatukwana mpaka aneba anatuluka m'nyumba. Ndinawauza za msana uja, za dzino lija, ndinati kadiso kamodzi n'kochepa. Amalumewo anangoti banja n'kupirira. Achimwene anaimirira n'kunena kuti apite nawo kukhoti lero lomwe, ndende sakuiona koyamba, bola mwana wawo asapondenso pakhomo paja.

Mafunso anali atakhala pakona, manja ali pamiyendo. Analankhula osakweza mutu.

“Bambo, muli ndi zaka makumi asanu ndi zisanu ndi zinayi, mumamwa mapilitsi a mtima m'mawa ndi madzulo. Mukalowa simutuluka. Ndiye ine ndizikhala kuno ndikudziwa kuti munafera dzino langa? Khalani pansi. Amalume, kawauzeni kuti ndibwera Lachitatu.”

“Iwe mwana, wapenga? Akakupha!” ndinakuwa.

“Zaka ziwiri za pamzere wa makina aja si zambiri, azakhali. Ndinadikirapo kale.”

Ndinalira, ndinamubisira chikwama, ndinaopseza kuti ndigona pakhomo. Sizinathandize. Mwanayo ali ndi mutu wa bambo ake, kungoti wake ndi wozizira.

Lachitatu tinamuperekeza awiri, wapansi, dzuwa lili pamutu. Chikwama ananyamula bambo ake, paphewa lomwe linamenyedwa lija, ndipo anakana kuti ndiwalandire. Titafika tinamupeza Wamatayala ataima pakhomo, theka la nkhope lili mu bandeji, diso lotsalalo likutiyang'ana mmodzimmodzi. Sanapereke moni. Achimwene anatsitsa chikwama pakhonde, Mafunso n'kuchitola.

“Pitani bwino, bambo. Muzimwa mankhwala,” anatero. Analowa osacheuka.

Mwamunayo analowa pambuyo pake n'kutseka chitseko. Tili chiimire pabwalo tinamva kiyi akutembenuka m'kati, kamodzi, kawiri, kenaka akuzulidwa. Achimwene anayenda masitepe awiri kulunjika kuchitsekoko, zibakera atakunga. Anaima. Anaziyang'ana, n'kuzilowetsa m'matumba a ovolosi, ndipo tinabwerera.